Pulogalamu ya Haskell Ikakana Kumangika, Yambani Kufufuza Apa

Dzulo inkayenda bwinobwino. Lero mwatsegula terminal, mwalemba `cabal build`, ndipo sikirini yadzaza ndi mawu amene simukudziwa n'komwe poyambira kuwawerenga. Khodi simunaikhudze, ngakhale mzere umodzi. Zoterezi ndakumana nazo kambirimbiri, ndipo anzanga ongoyamba kumene akandiimbira foni usiku, amakhala atadziweruza kale kuti alakwitsa ndi iwowo, kuti Haskell, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndi ya anthu amutu wakuthwa okhaokha. Zimandipweteka kuona munthu akusiya chilankhulo chokoma chonchi chifukwa cha vuto limene silili n'komwe m'khodi yake.

Nthawi zambiri vuto limakhala pa kusamvana kwa zipangizo. Pali GHC, compiler yomwe inayambira ku yunivesite ya Glasgow, ndipo ndi imene imasandutsa khodi yanu kukhala pulogalamu. Pali cabal, imene imakatenga maphukusi (khodi yolembedwa kale ndi anthu ena) ku Hackage, nkhokwe yawo ya pa intaneti, n'kuuza GHC zoti imange. Pali Stack, yomwe inabwera mu 2015 kudzagwira ntchito yomweyo mwa njira yake. Pali HLS, imene imakuonetsani zolakwika mu editor mukamalemba. Ndiye pali GHCup, imene imaika zonsezi pakompyuta. Chilichonse chili ndi version yakeyake, ndipo chimodzi chikangosuntha osauza zinzake, phokoso limayamba.

Ndisanapite patali, ndikupempheni chinthu chimodzi: musathamangire kufufuta. Tsiku lina ndinatopa ndi uthenga wina wokanika, ndinafufuta foda ya `~/.cabal` ndi ya `~/.ghcup`, n'kuyambiranso kudawuniloda zonse. Bandulo ya mwezi wathunthu inatha usiku womwewo. Kutacha ndinalemba `cabal build`, uthenga uja unabweranso, mawu ake omwe aja. Vuto linali mzere umodzi mu fayilo ya `.cabal`, ndipo uthengawo unkandiuza zimenezo kuyambira pachiyambi. Sindinauwerenge.

Kodi GHC imene ikugwira ntchito ndi iti?

Funso ili ndi loyamba nthawi zonse, kaya uthenga ukunena chiyani. Lembani izi:

```
which -a ghc
ghc --version
cabal --version
ghcup list -c installed
```

Lamulo loyambalo likakuonetsani mizere iwiri, umodzi `/usr/bin/ghc` wina `~/.ghcup/bin/ghc`, mwapeza kale poyambira. Anthu ambiri amayamba n'kuika GHC kudzera pa `apt`, choikira mapulogalamu pa Debian ndi Ubuntu, kenako amamva za GHCup n'kuikanso ina. Ya `apt` imakhala yakale: Ubuntu 22.04 imabwera ndi GHC 8.8.4, pomwe 24.04 imabwera ndi 9.4.7. Imene ili pamwamba pa mndandandawo ndi imene imagwira ntchito mukalemba `ghc`, kaya inu mukuganiza kuti mukugwiritsa ntchito iti. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa. Chotsani ya `apt`, mutsale ndi ya GHCup yokha.

Terminal ikanena kuti `ghc: command not found` chonsecho mwangomaliza kuika, ndiye kuti foda ya `~/.ghcup/bin` sili mu PATH, mndandanda wa mafoda amene terminal imafufuzamo mapulogalamu. Lembani `source ~/.ghcup/env`, ndipo ikayenda, ikani mzere womwewo mu `~/.bashrc` kapena `~/.zshrc` kuti mawa musavutikenso. Mukatero tsekani terminal n'kutsegula ina. Editor nayo itsekeni yonse, chifukwa imasunga PATH imene inaipeza pomwe inkatsegulidwa.

Kusintha GHC n'kosavuta: `ghcup set ghc 9.4.8`. Koma lamuloli limasintha kompyuta yonse, ndiye ngati muli ndi ntchito ziwiri zofuna GHC zosiyana, muzidzangokhalira kusinthasintha. Ndi bwino kuti ntchito iliyonse izinena yokha GHC imene ikufuna, mu fayilo ya `cabal.project`:

```
packages: .
with-compiler: ghc-9.4.8
```

Mukatsegula `ghcup tui` muona kuti GHC ina yalembedwa `recommended`, ina `latest`. Ngati mulibe chifukwa chenicheni chofunira yatsopanoyo, tengani `recommended`. Maphukusi ambiri amatenga miyezi kuti aifikire GHC yongotuluka kumene, ndipo wothamangira `latest` ndi amene amakumana ndi vuto lotsatirali.

Could not resolve dependencies

Uwu ndiye uthenga umene umagwetsa anthu ulesi kuposa wina uliwonse. Umaoneka chonchi:

```
Error: cabal: Could not resolve dependencies:
[__0] trying: msika-0.1.0.0 (user goal)
[__1] next goal: base (dependency of msika)
[__1] rejecting: base-4.18.2.1/installed-4.18.2.1
      (conflict: msika => base>=4.17.2.1 && <4.18)
[__1] rejecting: base-4.17.2.1 (constraint from
      non-upgradeable package requires installed instance)
[__1] fail (backjumping, conflict set: base, msika)
```

Apa GHC sinayambe n'komwe kuona khodi yanu. Cabal ikadali pa ntchito yosankha version ya phukusi lililonse, kuti onse agwirizane, ndipo ikukufotokozerani mmene yayendera. Mawu akuti `trying` akutanthauza kuti yasankha ichi kaye. `rejecting` akutanthauza kuti yakana, ndipo chifukwa chake chalembedwa pambuyo pa mawu akuti `conflict`. Maso anu apite pamenepo. M'chitsanzochi, phukusi lathu la `msika` likufuna `base` yosafika 4.18, koma imene ili pakompyuta ndi 4.18.2.1.

Munthu angafunse kuti, nanga cabal osangodawuniloda `base` yakaleyo bwanji, monga imachitira ndi maphukusi ena? Mzere wachiwiri wa `rejecting` ukuyankha zimenezo. Phukusi la `base` limabwera litamatirira ku GHC, ndipo simungalisinthe palokha. GHC 8.10 imabwera ndi `base` 4.14, GHC 9.0 ndi 4.15, GHC 9.2 ndi 4.16, GHC 9.4 ndi 4.17, GHC 9.6 ndi 4.18, GHC 9.8 ndi 4.19, GHC 9.10 ndi 4.20. Manambala awa ndinawalemba pakapepala n'kumata pambali pa sikirini, ndipo andipulumutsa maola ambiri. Mukangoona mkangano wa `base`, dziwani kuti nkhani ndi ya GHC. Chimodzimodzinso `template-haskell` ndi `ghc-prim`.

Kodi malire amenewa anachokera kuti? Kawirikawiri anawalemba ndi `cabal init` tsiku limene munayamba ntchitoyo. Imayang'ana GHC imene muli nayo n'kulemba mzere ngati `base ^>=4.17.2.1`. Kachizindikiro ka `^>=` kakutanthauza kuti kuyambira pamenepo koma osafika 4.18, chifukwa ku Hackage manambala awiri oyambirira ndi amene amasonyeza kusintha kwakukulu. Ndiye mukakweza GHC, kapena mnzanu akatenga khodi yanu pakompyuta yake yomwe ili ndi GHC ina, mzerewu umatseka njira. Ngati phukusilo ndi lanu, kulitsani malire, mwachitsanzo `base >=4.17 && <4.19`, mukatsimikiza kuti limamangika pa zonse ziwiri.

Zimavutirapo ngati wotseka njira ndi phukusi la munthu wina. Choyamba lembani `cabal update`. Eni maphukusi amatha kukweza malire pa Hackage popanda kutulutsa version yatsopano, ndipo mwina anakonza kale sabata yatha, koma mndandanda umene uli pakompyuta yanu ndi wakale. Zikakanikabe, mungauze cabal kuti inyalanyaze malirewo, koma pa malo amodzi okha:

```
allow-newer: phukusi-lija:base
```

Mzerewu umapita mu `cabal.project`. Pa intaneti mupeza anthu akukulangizani kuti mungolemba `--allow-newer` popanda kutchula dzina. Ine sindimalimbikitsa zimenezo. Mukatero mwatsegula zitseko zonse nthawi imodzi, cabal imasankha ma version atsopano a chilichonse, ndipo vuto limangochoka pamene linali losavuta kuwerenga n'kukatulukira pakati pa khodi ya munthu amene simukumudziwa, patapita mphindi makumi awiri mukudikira. Tchulani phukusi, ndipo lembani kandemanga pamwamba pake kofotokoza chifukwa, kuti mudzachotse eni ake akadzakonza.

Nthawi zina uthenga umakhala wautali kwambiri, maphukusi asanu kapena asanu ndi limodzi akukokanakokana. Onjezerani `--minimize-conflict-set` ku lamulo lanu. Cabal imatenga kanthawi, koma imakubweretserani okhawo amene akukanganadi, ndipo kawirikawiri amatsala awiri kapena atatu. Ngati mwayesa zonsezi osaphula kanthu, bwererani ku GHC yakale imene ntchitoyo inalembedwera. Si kugonja ayi. Ntchito yakale imene mukungofuna kuti iyende lero, njira yachidule ndi imeneyo.

Inkayenda mwezi watha, lero ikuti not in scope

Ili ndi vuto la mtundu wina. Cabal yasankha bwinobwino, GHC yayamba kumanga, kenako ikudandaula za khodi imene simunaisinthe. Chachitika n'chakuti phukusi lina lakwera version, ndipo mu `build-depends` munangolemba dzina lake popanda malire.

Pali zitsanzo zimene zinagwira anthu ambiri. Phukusi la `mtl` litafika 2.3 linasiya kubweretsa zinthu za mu `Control.Monad`. Kale munkangolemba `import Control.Monad.State` n'kupeza `when`, `unless` ndi `forM_` zili momwemo. GHC 9.6 imabwera ndi `mtl` 2.3.1, ndiye khodi yomweyo imayamba kunena kuti `Variable not in scope: when`. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, `import Control.Monad`, ndipo ngati ndi `liftIO` imene yasowa m'module ina, itengeni ku `Control.Monad.IO.Class`. China ndi `aeson`, phukusi lowerengera JSON. Litafika 2.0 mu 2021, `Object` inasiya kukhala `HashMap` n'kukhala `KeyMap`, ndipo makiyi anasiya kukhala `Text` n'kukhala `Key`. Mukaona GHC ikunena kuti `Key` ndi `Text` sizikugwirizana, gwiritsani ntchito `fromText` ndi `toText` za mu `Data.Aeson.Key`. Mabuku ndi maphunziro ambiri a pa intaneti analembedwa izi zisanachitike, choncho wophunzira amakopera chitsanzo ndendende koma n'kukanika. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, vuto si inu.

Kuti zisadzabwerenso, tsiku limene zonse zikuyenda bwino lembani `cabal freeze`. Itulutsa fayilo ya `cabal.project.freeze` yosunga version ya phukusi lililonse, ndipo muiike mu git pamodzi ndi khodi. Njira ina ndi kulemba `index-state` mu `cabal.project`, pamodzi ndi tsiku, zimene zimauza cabal kuti iziona Hackage monga mmene inalili tsiku limenelo. Mungokumbukira kuti fayilo ya freeze imasunganso version ya `base`, ndiye mukadzakweza GHC, muifufute kaye n'kupanga ina.

Anthu a Stack vutoli saliona kawirikawiri, chifukwa Stack imatenga maphukusi ku Stackage, komwe anawayesa kale kuti amamangika limodzi. Mu `stack.yaml` mumatchula gulu limodzi, ndipo gululo limasankhiratu GHC: `lts-18.28` imayenda ndi GHC 8.10.7, `lts-20.26` ndi 9.2.8, `lts-21.25` ndi 9.4.8. Vuto lawo limabwera phukusi likakhala kuti mulibe m'gululo. Stack imakuuzani yokha mzere woti muike pansi pa `extra-deps`. Uikeni, koma mukaona kuti mizereyo ikungochulukirachulukira, phukusi lililonse likuitana linzake, imani. Ndiye kuti gulu limene mwasankha latalikirana kwambiri ndi phukusi mukufunalo, ndipo kusintha nambala ya `lts` n'kumene kungathandize.

Module ilipo koma GHC sikuiona

```
Could not load module ‘Data.Map’
It is a member of the hidden package ‘containers-0.6.7’.
```

Phukusi lili pakompyuta, koma simunalitchule. Onjezerani `containers` mu `build-depends`. Chosokoneza n'chakuti fayilo ya `.cabal` imakhala ndi zigawo zingapo, `library`, `executable` ndi `test-suite`, ndipo chilichonse chili ndi `build-depends` yake. Yang'anani fayilo imene ikudandaulayo kuti ili m'chigawo chiti.

Ngati m'foda muli `package.yaml`, sinthani imeneyo, osati `.cabal`, chifukwa Stack imapanga `.cabal` kuchokera mmenemo. Mukasintha `.cabal` pamanja, Stack imachenjeza kuti yasiya kutsatira `package.yaml`, koma chenjezolo limadutsa mofulumira, ndipo mumapitiriza kusintha fayilo imene palibe akuiwerenga. Fufutani `.cabal` yopangidwayo kuti ipangidwenso.

Pali lina lonyenga kwambiri. Ma module onse amamangika, kenako kumapeto kwenikweni linker, imene imalumikiza zidutswa zonse kukhala pulogalamu imodzi, ikutulutsa mizere yambirimbiri ya `undefined reference`, yokhala ndi mayina achilendo othera ndi `_closure` kapena `_info`. Muyang'anitsitse dzinalo, muona dzina la module yanu mkati mwake. Munapanga fayilo yatsopano n'kuiwala kuilemba mu `exposed-modules` kapena `other-modules`. GHC imachenjezeratu za izi ndi mawu akuti `missing-home-modules`, kungoti ambiri timazolowera kudumpha machenjezo.

Ndichenjezenso za `cabal install --lib`. Ongoyamba amalikonda chifukwa limafanana ndi zimene anazolowera m'zilankhulo zina. Limalemba kafayilo kobisika kotchedwa `default`, mkati mwa foda ya `environments` yomwe ili pansi pa `~/.ghc`, ndipo kuyambira pamenepo `ghc` ndi `ghci` zimakawerenga nthawi iliyonse. Patapita miyezi mumayamba kuona `cannot satisfy -package-id`, osadziwa kochokera. Mukaona mawu akuti `Loaded package environment from` potsegula `ghci`, pitani pamene akulozapo mukafufute kafayiloko. Pofuna kungoyesa phukusi, lembani `cabal repl --build-depends containers`, ndipo silisiya zinyalala.

Laibulale za C

Maphukusi ena a Haskell ndi chikuto chabe cha laibulale ya C, ndipo cabal siingakuikireni laibulale imeneyo. Uthenga wake umati `Missing (or bad) C library: z`, kapena linker imati `cannot find -lgmp`. Dzina limene latchulidwalo ndi lomwe mukufuna, koma muike phukusi lokhala ndi `-dev` kumapeto. Pa Debian ndi Ubuntu, `z` ndi `zlib1g-dev`, `gmp` ndi `libgmp-dev`, ndipo za PostgreSQL ndi `libpq-dev`. Ikaninso `pkg-config` ndi `build-essential`. Pa Fedora mayinawo amathera ndi `-devel`. Pa Mac, mukakweza macOS kenako chilichonse n'kuyamba kukanika pa linker, lembani `xcode-select --install`. Pa Windows, GHCup imaika MSYS2, ndipo laibulale zimaikidwa mmenemo. Kumenekonso samalani ndi mafoda olowanalowana, chifukwa Windows ili ndi malire akale a zilembo 260 pa njira ya fayilo, ndipo mafoda amene cabal ndi Stack zimapanga ndi aatali kale. Ikani ntchito yanu pafupi ndi `C:\`, m'foda ya dzina lalifupi lopanda mipata.

Kumanga kwangofa pakati popanda chifukwa

Laputopu imene ndinaphunzirirapo Haskell inali ya RAM 4 GB. Ndikamamanga ntchito yokhala ndi `aeson` ndi `lens`, fani inkalira, mausi n'kuuma, kenako cabal n'kunena kuti ntchito yaphedwa ndi SIGKILL. Pa Stack zimaoneka ngati `ExitFailure (-9)`. Palibe cholakwika m'khodi. RAM yatha, ndipo Linux yapha pulogalamu imene inkadya kwambiri. Mungatsimikize ndi `sudo dmesg | grep -i oom`.

Cabal imamanga maphukusi angapo nthawi imodzi malinga ndi kuchuluka kwa ma core a kompyuta yanu, ndipo GHC iliyonse imafuna RAM yakeyake. Lembani `cabal build -j1` kapena `stack build -j1` kuti izimanga limodzi limodzi. Tsekani browser. Zikakanikabe, onjezerani swap, malo a pa disk amene amathandizira RAM ikadzaza:

```
sudo fallocate -l 4G /swap2
sudo chmod 600 /swap2
sudo mkswap /swap2
sudo swapon /swap2
```

Ichedwa, koma imaliza, ndipo ntchito yolemerayi imachitika kamodzi kokha. Kuyambira cabal 3.0, phukusi lililonse lomangidwa limasungidwa mu store, ndipo ntchito ina iliyonse yofuna version yomweyo pa GHC yomweyo imangolitenga. Store imakhala mu `~/.cabal/store`, kapena mu `~/.local/state/cabal` ngati munayamba ndi cabal 3.10 kapena yatsopano popanda foda ya `~/.cabal`. N'chifukwa chake kufufuta fodayi kumapweteka. N'chifukwa chakenso kusintha GHC kumachititsa kuti zonse zimangidwenso, poti GHC iliyonse ili ndi chipinda chake mu store.

Kwa ife amene timawerengera bandulo komanso kukhala tcheru ndi magetsi, pali malamulo awiri ofunika kuwadziwa. `cabal build --dry-run` imakuonetsani zimene ikufuna kudawuniloda ndi kumanga isanayambe, ndiye mutha kuona ngati ndi maphukusi atatu kapena zana. `cabal build --only-download` imangotenga maphukusiwo osamanga, choncho mukakhala pamalo a intaneti yabwino mutha kutengeratu, n'kukamangira kunyumba. Magetsi akathima pakati, musade nkhawa. Maphukusi amene anamaliza ali mu store, ndipo cabal idzapitiriza ndi otsalawo. Ngati anathima pomwe `cabal update` inali mkati, kenako cabal n'kumadandaula za mndandanda, fufutani mafayilo oyamba ndi `01-index` okha m'foda ya `hackage.haskell.org`, n'kubwereza lamulolo. GHC zakale zimene simukuzifunanso zimadya malo ambiri pa disk, zichotseni ndi `ghcup rm ghc` potchula version.

Polemba tsiku ndi tsiku, `cabal build -O0` imafulumizitsa kumanga khodi yanu. Musaike zimenezi pansi pa `package *` mu `cabal.project`, chifukwa pamenepo zimakhudza maphukusi onse ndipo onse amangidwanso.

Terminal ikumanga bwino, koma editor yafiira

Zikatere khulupirirani terminal. Khodi ili bwino, wavutika ndi HLS. Chipangizochi chimagwiritsa ntchito zamkati mwa GHC, choncho chimayenera kumangidwa ndi GHC yofanana ndendende ndi ya ntchito yanu. Ya 9.4.7 siigwira pa 9.4.8. Lowani m'foda ya ntchito mulembe:

```
haskell-language-server-wrapper --probe-tools
```

Ikuuzani GHC imene yapeza. Kenako tsegulani `ghcup tui` muyang'ane mawu akuti `hls-powered` pambali pa GHC imeneyo. Ngati palibe, HLS imene muli nayo siikuidziwa. Mutha kusankha GHC ina imene ili ndi mawuwo, kapena kuika HLS ina. Palinso `ghcup compile hls`, yomangira HLS yanuyanu, koma pa kompyuta ya RAM yochepa imeneyo ndi ntchito ya madzulo onse, ndiye ndimaisiyira pomaliza.

Uthenga wakuti `GHC ABIs don't match` umabwera pamene nambala zikufanana koma GHC-yo inachokera kwina, monga ku `apt` kapena pamene Stack inadziikira yake. Uzani Stack kuti izigwiritsa ntchito ya GHCup polemba `system-ghc: true` ndi `install-ghc: false` mu `config.yaml` yake. GHCup imafunsanso za kulumikiza ziwirizi pamene mukuiika, ndipo ndi bwino kuvomera.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya nthawi. Tsegulani foda yonse ya ntchito mu editor, osati fayilo imodzi yokha. Mangani kaye pa terminal kuti maphukusi onse akhalepo, chifukwa HLS ikamawamanga yokha mobisa mumangoona ngati yauma. Mukasintha `.cabal`, iyambitseninso. Ngati m'foda muli `stack.yaml` komanso `cabal.project`, HLS ikhoza kusankha chimene inu simukugwiritsa ntchito, ndiye iuzeni mu fayilo ya `hie.yaml`:

```
cradle:
  cabal:
```

Mu VS Code, zonse zimene HLS ikudandaula zimalembedwa pa Output, pansi pa dzina la Haskell. Ambiri sadziwa kuti malowa alipo. Ngati pali chofufuta pano, ndi foda ya `~/.cache/hie-bios`, yomwe imapangidwanso popanda kudawuniloda kanthu.

Pa nkhani yofufutayi, dongosolo langa ndi ili: ndimayamba ndi `dist-newstyle` kapena `.stack-work`, zomwe zili m'foda ya ntchito ndipo zimangosunga khodi yanga yomangidwa. Izi n'zotsika mtengo, ndipo zimathandizadi mukasintha nthambi ya git kapena magetsi akathima GHC ili mkati molemba fayilo. Store ndimaikhudza pokhapokha uthenga ukatchula fayilo yowonongeka imene ili mmenemo.

Chilembo cha ŵ

Vuto ili limatikhudza ife olemba Chichewa mwapadera. Ndinalemba kapulogalamu kosindikiza mayina a malo, pakompyuta yanga kankayenda bwino. Nditakaika pa seva mu Docker, chipangizo choyendetsera pulogalamu m'kabokosi kakekake, kanafa pa mzere woyamba womwe unali ndi dzina lakuti Malaŵi:

```
<stdout>: commitBuffer: invalid argument (invalid character)
```

GHC zatsopano zimafotokoza bwinoko, zimati `cannot encode character '\373'`. Nambala 373 ndi ya chilembo cha ŵ mu Unicode. Pulogalamu ya Haskell imayang'ana locale ya kompyuta, makonzedwe a chilankhulo ndi zilembo amene amatchulidwa mu `LANG`, kuti idziwe mmene ilembere ndi kuwerengera zilembo, ndipo mu Docker kapena pa seva yongoikidwa kumene, `LANG` nthawi zambiri imakhala yopanda kanthu. Zikatero pulogalamu imangodziwa ASCII, mmene mulibe ŵ. Powerenga fayilo, vuto lomweli limatuluka ngati `hGetContents: invalid argument`. Lingathe kugwetsanso kumanga kumene, ngati chipangizo china chikuwerenga fayilo yokhala ndi zilembo zotere.

Chofulumira ndi kulemba `export LANG=C.UTF-8`, kapena `ENV LANG=C.UTF-8` mu Dockerfile. Pa Windows, `chcp 65001` imasintha terminal. Koma pulogalamu imene mudzapatse anthu ena isadalire kuti iwo akonza kompyuta zawo. Iuzeni yokha:

```haskell
import GHC.IO.Encoding (setLocaleEncoding, utf8)
import System.IO (hSetEncoding, stdout, stderr)

main :: IO ()
main = do
  setLocaleEncoding utf8
  hSetEncoding stdout utf8
  hSetEncoding stderr utf8
  putStrLn "Malaŵi"
```

Mizere imeneyi ikhale yoyambirira mu `main`, fayilo iliyonse isanatsegulidwe. Ngati pulogalamu siikufa koma ikusindikiza `"Mala\373i"`, limenelo si vuto la locale. Mwagwiritsa ntchito `print` kapena `show`, zomwe zimasandutsa chilembo chilichonse chosakhala cha ASCII kukhala nambala. Sinthani muike `putStrLn`, ndipo ŵ atuluka ndi kachipewa kake.